Mlendo ndi mame: Sacco ya kumudzi imatsala ndi chiyani alangizi akunja akapita?

Kwa Nthache m'boma la Mwanza ndalama ili ndi nyengo yake. M'miyezi yozizira manachesi akapsa, mavenda ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe amadzaza magalimoto awo ndipo mlimi amagwira ndalama zimene sadzazionanso mpaka chaka chamawa. Nandolo akauma pamabweranso kangachepe. Ikafika Disembala, Januwale ndi Febuluwale, feteleza, fizi ya ana ndi chimanga chogula zimafuna ndalama nthawi imodzi m'thumba muli mbee. Apa mpamene wakatapila amapezera malo: wokongola K10 000 amabweza ndi theka lina pamwamba mwezi ukatha, pena kuwirikiza kumene.

Vuto la kukhala ndi ndalama lero n'kusowa mawa ndi limene lidabala ma Sacco, mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama amene eni ake ndi mamembala omwewo. Ndi vuto lomwelo limene kwa zaka zambiri lakhala likukwezetsa ndege akatswiri a zachuma a ku Canada, America ndi ku Ulaya kudzalangiza mabungwe ang'onoang'ono otere popanda malipiro. Amakhala masabata ochepa, amalandiridwa ndi manja awiri, amabwerera kwawo akusimba za nsima, nkhuku ndi nsangala za Amalawi. Chofunika kufufuza n'chakuti m'mabuku a bungwe lomwe adalichezeralo mumatsala chiyani.

Nzeru yomwe idadza ndi alendo

Sacco imasiyana ndi banki pa umwini. Ku banki wosunga ndalama ndi kasitomala ndipo phindu limapita kwa eni masheya. Ku Sacco wosunga ndalama ndiye mwini: amagula masheya, amaponya voti imodzi pa msonkhano waukulu wa pachaka kaya ali ndi ndalama zambiri kaya zochepa, ndipo amabwereka molingana ndi zomwe wasunga, kawirikawiri kuwirikiza kawiri kapena katatu. Imasiyananso ndi banki mkhonde. Gulu la banki mkhonde limagawana zonse chaka chikatha n'kuyambiranso, pomwe Sacco ndi bungwe lolembetsedwa mwalamulo lomwe limayenera kukhalapobe ngakhale oyambitsa ake atamwalira.

Mchitidwewu udayambira ku Germany. Friedrich Wilhelm Raiffeisen, yemwe adali meya wa timatauni ta alimi, adaona anthu ake akulandidwa ng'ombe ndi minda ndi obwereketsa ndalama mwakatapila, ndipo mu 1864 adayambitsa bungwe loti alimi azibwerekana okhaokha ku Heddesdorf. Ku Canada, Alphonse Desjardins, mlembi wa zokambirana za ku nyumba ya malamulo, adakhazikitsa bungwe lotere ku Lévis m'chigawo cha Quebec mu 1900. Ndalama yoyamba yomwe idasungitsidwa kumeneko idali masenti khumi. Lero gulu la Desjardins lili m'gulu la mabungwe akuluakulu a zachuma m'dzikolo.

Ku Africa nzeruyi idafika ndi amishoni. Mu 1955 wansembe wina wa Katolika, bambo John McNulty, adathandiza anthu a ku Jirapa kumpoto kwa Ghana kuyambitsa bungwe lomwe limatchulidwa kuti ndi loyamba la mtunduwu m'dzikolo. Mu 1968 mabungwe a mu Africa adapanga mgwirizano wa ACCOSCA, womwe likulu lake lili ku Nairobi. Kuno kwathu mpingo wa Katolika ndiwo udali patsogolo kufalitsa timagulu tosunga ndi kubwereketsa, ndipo mu 1980 padabadwa Malawi Union of Savings and Credit Cooperatives, MUSCCO mwachidule, mothandizidwa ndi bungwe la America la USAID komanso World Council of Credit Unions, lomwe limagwirizanitsa mabungwe otere pa dziko lonse.

Choncho mlendo wolangiza za Sacco si wachilendo m'mbiri ya ma Sacco. Bungwe la Canadian Co-operative Association lidakhala zaka zingapo likutumiza mamanijala a mabungwe otere a ku Canada kubwera ku Malawi, Ghana ndi Uganda. Iwo ankayenda awiriawiri, kukhala masiku angapo pa Sacco iliyonse, kuona mabuku, kucheza ndi bodi, n'kusiya malangizo olemba. Bungwe lomwelo linkatenganso amayi oyendetsa ma Sacco m'maiko osiyanasiyana kupita nawo ku Canada, komwe ankaphunzira ntchito akugona m'nyumba za anzawo a kumeneko. Kuchereza kudali kwa mbali zonse ziwiri. Dziko la America nalo lidali ndi ndondomeko ya Farmer-to-Farmer, yomwe kuyambira mu 1985 inkatumiza akatswiri odzipereka kukalangiza alimi ndi makopaletivi kwa masabata ochepa, ndipo Malawi adali m'gulu la maiko opindula.

Kalumo kakuthwa

Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Anthu ambiri akamva kuti kukubwera mzungu ku Sacco amayembekezera ndalama, kompyuta kapena njinga yamoto. Mlangizi wodzipereka sabwera ndi zimenezi. Amabwera ndi maso achilendo komanso mafunso omwe anthu odziwana amachita nawo manyazi kufunsana.

Funso loyamba limakhala la ngongole zosabwezedwa. Tiyerekeze kuti membala adatsala ndi ngongole ya K200 000 ndipo waphonya kubweza K20 000 ya mwezi uno. Mabuku a timabungwe tambiri amalemba kuti ndalama yomwe yachedwa ndi K20 000. Mlangizi amati ndalama yomwe ili pa chiopsezo ndi K200 000 yonseyo, chifukwa wolephera kubweza mwezi uno akhoza kulepheranso mwezi wamawa. Akawerengera ngongole zonse mwa njira imeneyi, bungwe lomwe linkaoneka la thanzi limapezeka likudwala. Muyezo wa World Council of Credit Unions, wodziwika ndi dzina loti PEARLS, umati ngongole zochedwa zisapose K5 pa K100 iliyonse yobwereketsedwa. Sacco yomwe idabwereketsa K20 miliyoni ndipo K4 miliyoni ili m'manja mwa ochedwa kubweza yapyola muyezowo kanayi.

Muyezo womwewo umati ngongole yomwe yatha chaka isakubwezedwa iikiridwe padera ndalama yokwanira kuikwirira yonse, ndipo yomwe yachedwa pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi 12 iikiridwe K35 pa K100 iliyonse. Awa ndi malangizo owawa, chifukwa ndalama yoikidwa padera imachotsedwa pa phindu lomwe mamembala amayembekezera kugawana. Koma bungwe logawa phindu lomwe lili pa pepala pokha limakhala likudya mbewu. Chaka china mayi wina adzabwera kudzatapa ndalama zake za fizi n'kuuzidwa kuti abwere sabata yamawa. Nkhani yotere siichedwa kufala pamsika, ndipo aliyense akathamangira kukatenga zake tsiku limodzi Sacco imagwa, ngakhale ikadatha kuchira.

Funso lachiwiri ndi la amene adakongola ndalama zikuluzikulu. M'timabungwe tambiri mayina a pamwamba pa mndandanda wa osabweza amakhala a wapampando, msungichuma, abale awo kapena munthu wolemekezeka m'mudzi. Mlembi wa ngongole, yemwe mwina ndi mtsikana wa zaka 25, sangapite kukagogoda pakhomo pa munthu yemwe adamulemba ntchito. Mlangizi amalimbikitsa kuti wa mu bodi akafuna ngongole azituluka m'chipinda anzake akamakambirana pempho lake, kuti komiti ya ngongole ndi komiti yoyang'anira zisakhale ndi anthu amodzimodzi, ndiponso kuti wolandira ndalama pa kauntala asakhale yemweyo wolemba m'buku ndi kusunga makiyi a sefa.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma ndizo zimasunga bungwe: kuwerenga ndalama za mu sefa tsiku lililonse pamaso pa anthu awiri, kupereka lisiti ya nambala pa tambala iliyonse, kufananiza buku la Sacco ndi sitetimenti ya ku banki mwezi uliwonse, kulemba maminitsi a misonkhano. Palibe chimodzi mwa izi chomwe Mmalawi sakuchidziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mlendo alibe msuweni mu bodi, sadzapita ku maliro amodzi ndi wosabweza ngongole, ndipo sabata yamawa adzakhala atakwera ndege. Akhoza kunena poyera zomwe aliyense amanong'ona.

Zomwe mlendo sadziwa

Kalumo kakuthwa kamathanso kucheka posafunika. Manijala wa ku Saskatchewan kapena ku Wisconsin adazolowera mamembala olandira malipiro mwezi ndi mwezi. Ngakhale kuno, ma Sacco akuluakulu monga United Civil Servants, Malawi Police ndi Mudi adakulira pa anthu apantchito, omwe ngongole yawo imadulidwa ku malipiro ndalama isanafike m'manja. Mlimi wa manachesi wa kwa Nthache alibe malipiro oti adulidwe. Kumupatsa ngongole mu Novembala n'kumuuza kuti azibweza mofanana mwezi uliwonse n'kumuika pa mndandanda wa osabweza asanalakwe kanthu. Ngongole yomuyenera ndi yomwe kubweza kwake kwagwirizana ndi nthawi yokolola, ndipo kalendala imeneyi amaidziwa ndi mamembala.

Nyengo yomweyo imabweretsa vuto lina lomwe mabungwe a m'tauni salidziwa kwenikweni. Alimi a dera limodzi amasunga ndalama nthawi imodzi ndipo amafuna kubwereka nthawi imodzi. Mu Julaye sefa imadzaza pomwe obwereka ndi ochepa. Mu Disembala aliyense ali pa mzere sefa ili gwa. Tsoka likagwa limagwera onse pamodzi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adakhudza maboma a kummwera kuphatikizapo Mwanza, ndipo pa nthawi yotere wokongola ndi mboni yake amakhala atataya mbewu tsiku limodzi. N'chifukwa chake Sacco ya kumudzi imafunika kusakaniza mamembala: alimi, aphunzitsi, azaumoyo, a kabaza, amayi a geni. Mwanza ali ndi mwayi umenewu chifukwa cha msewu wa M6 ndi chipata cholowera ku Zobue m'dziko la Mozambique, pomwe pamadutsa malole opita ku Tete, Harare ndi Johannesburg chaka chonse. Wogulitsa chakudya kwa madalaivala amapeza ndalama m'miyezi yomwe mlimi alibe.

Palinso nkhani ya mphamvu ya kwacha. Ku Canada banki yaikulu imayesetsa kuti mitengo ya zinthu izikwera ndi 2 peresenti pa chaka. Kuno kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mitengo idakwera moposa 30 peresenti. Mlendo akhoza kudzidzimuka poona chiwongoladzanja chomwe ma Sacco a kuno amalipiritsa n'kulangiza kuti chitsike. Koma bungwe lobwereketsa pa chiwongoladzanja chochepera kukwera kwa mitengo limabwezedwa ndalama yogula zochepa kuposa yomwe lidapereka, ndipo wolipira kusiyanako ndi wosunga. Mlimi yemwe amasankha kugula mbuzi m'malo mosunga ndalama ku Sacco amakhala atawerengera bwino masamu akewo. Mlangizi wanzeru amayamba wafunsa chifukwa chake asanamutche mbuli.

Mphasa, thobwa ndi nkhuku

Anthu a ku Mwanza safunika kuphunzitsidwa kulandira alendo. Pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique, yomwe idatha mu 1992, dziko lino lidasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo maboma a m'malire ngati Mwanza adasenza gawo lalikulu la mtolowo. Mu 2015 ndi 2016 zidachitikanso: anthu oposa 10 000 othawa zipolowe m'chigawo cha Tete adafikira pa mudzi wa Kapise m'dera la Nthache lomweli, mpaka boma ndi bungwe la UNHCR adayamba kuwasamutsira ku Luwani m'boma la Neno mu Epulo 2016. Mabungwe asanafike ndi matenti, odzawo adayamba alandiridwa ndi eni mudzi, omwe adagawana nawo malo, madzi ndi nkhuni.

Mlendo wodzalangiza za ndalama amalowa m'mwambo womwewo. Amamuchingamira, amamulandira chikwama, amamupatsa mpando eni ake atakhala pa mphasa. Amakaonekera kaye kwa mfumu asanayambe ntchito. Malonje satha msanga: aliyense amapereka moni payekhapayekha, kufunsa za ulendo ndi za omwe atsala kumudzi. Thobwa limabwera, kenako madzi osamba m'manja, nsima ndi nkhuku yomwe pakhomopo sakadaipha tsiku wamba. Pochoka amamuperekeza, atamusenzetsa dengu la manachesi, mwinanso tambala wamoyo womangidwa miyendo yemwe mlendoyo sadziwa kopita naye.

Alangizi ena amaona ngati zonsezi zikudya nthawi ya ntchito. Zoona zake n'zakuti ntchito imayambira pomwepo. Palibe msungichuma yemwe angatsegulire mabuku ake enieni munthu yemwe sadadye naye. Mlendo yemwe wakana chakudya, kapena watulutsa laputopu malonje asanathe, amaonetsedwa mabuku oyera n'kutsanzikidwa mwaulemu. Yemwe wasamba m'manja n'kutema nsima limodzi ndi anthu, mochedwa madzulo amamva zomwe sizidalembedwe: kuti ngongole yakutiyakuti idatengedwa m'dzina la munthu wina, kuti makiyi a sefa amagona kwa ndani.

Komabe ulemu womwewo umatha kubunthitsa kalumo. Mwambo wathu sulola kutsutsa mlendo pamaso. Bodi imavomera malangizo onse ndi mawu oti "tamva, tichita," ngakhale ikudziwa kuti ena sangatheke kuno. Mlendo amabwerera akuganiza kuti zonse zagwirizanidwa, ndipo lipoti lake limakagona mu kabati. Mwambo umatinso mlendo asaone zonyansa za pakhomo. Monga momwe amasesera bwalo, ena amasesanso mabuku, kubisa mayina a akuluakulu osabweza kuti mudzi usachite manyazi. Mlendo naye amakodwa. Munthu yemwe wadya nkhuku ya wapampando masana zimamuvuta kunena madzulo kuti wapampandoyo ndiye akugwetsa bungwe, ndiye amafewetsa mawu mpaka osamvekanso.

Ngakhale nkhuku ija ili ndi funso lake. Ngati idagulidwa ndi ndalama ya mu sefa popanda lisiti, pamodzi ndi zakumwa ndi alawansi ya onse obwera ku msonkhano, ndiye kuti mamembala alipira phwando lomwe ambiri mwa iwo sadadye nawo. Bungwe lokhwima limalemba ndalama yocherezera alendo mu bajeti yake n'kuionetsa pa msonkhano waukulu, kapena mamembala amasonkha mwa kufuna kwawo, uyu ufa, uyu ndiwo. Pamenepo kuchereza kumakhala kwa eni ake, ndipo mlendo alibe ngongole kwa munthu mmodzi.

Mame akakamuka

Mwambi wina umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'zaka zapitazi mwambiwu waoneka kuti ngoona ngakhale pa mabungwe akuluakulu. Mu 2025 boma la America lidatseka USAID, bungwe lomwe lidathandiza kubadwa kwa MUSCCO, ndipo maiko ena olemera achepetsa ndalama za chithandizo. Ma Sacco a kumidzi sangawerengerenso kuti chaka ndi chaka kudzabwera wina wochokera kutsidya kwa nyanja kudzaona mabuku awo.

Zambiri zomwe alangizi ankanena ngati uphungu tsopano ndi lamulo. Kuyambira pomwe lamulo la Financial Cooperatives Act lidakhazikitsidwa mu 2011, ma Sacco amayang'aniridwa ndi mkulu wa Reserve Bank of Malawi, yemwe ndi mlembi wa mabungwe onse a zachuma. Sacco imayenera kukhala ndi chiphaso, kupereka malipoti ndi kuunikitsa mabuku ake kwa akatswiri owerengera ndalama. Izi zimateteza wosunga, koma zimafuna luso lomwe kagulu ka alimi 200 sikangathe kulilemba ganyu. N'chifukwa chake m'madera ambiri anthu amayambira ku banki mkhonde, njira yomwe bungwe la CARE lidayambitsa ku Niger mu 1991, kapena ku magulu a COMSIP, kenako gululo n'kulowa ngati membala wa Sacco yaikulu yomwe ili ndi nthambi pafupi. Kutumiza ndalama pa foni kudzera ku Airtel Money ndi TNM Mpamba kwafupikitsa mtunda womwe kale unkadya tsiku lathunthu ndi ndalama ya minibasi.

Ulendo wa mlangizi umabala zipatso pomwe pachitika zinthu zingapo zodziwika. Bodi imasankha malangizo awiri kapena atatu omwe ingathe kuchita, n'kulemba dzina la wochita ndi tsiku lomaliza. Malangizowo amawerengedwa m'Chichewa pamaso pa mamembala, osati kusungidwa m'Chingerezi mu ofesi ya manijala. Pamakhala munthu wa kuno, wa ku MUSCCO kapena wa ku ofesi ya zamalonda ya pa boma, yemwe adayenda ndi mlendoyo ndipo adzabweranso pakatha miyezi itatu kudzafunsa zomwe zachitika. Ndipo mamembala amaphunzira kufunsa okha pa msonkhano waukulu: ngongole zochedwa ndi zingati pa K100 iliyonse, a mu bodi adakongola zingati, mabuku adaunikidwa liti ndipo adaunika ndani. Membala wofunsa mafunso atatuwa wachita theka la ntchito yomwe mlendo adakwerera ndege.

Pali phunziro lina kwa anthu a m'tauni. Chomwe chimachititsa mlangizi wakunja kukhala wothandiza si khungu lake kapena dziko lake. N'chakuti amadziwa mabuku a ndalama ndipo alibe mbali m'mikangano ya pamudzi. Anthu otere ali mbwee ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu: akauntanti, ogwira ntchito ku banki omwe adapuma, aphunzitsi a zamalonda, mamanijala a ma Sacco akuluakulu. Kuchokera ku Blantyre kukafika pa boma la Mwanza ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ulendo wa m'mawa umodzi. Iwowa safuna womasulira, amadziwa kuti manachesi amapsa liti, amadziwa tanthauzo la "tamva, tichita," ndipo akhoza kubwereranso mwezi wamawa. Ambiri mwa iwo adaphunzira sukulu ndi ndalama ya nandolo ndi zipatso zochokera m'midzi ngati yomweyi.

Malingana ndi kalembera wa 2018, boma la Mwanza lidali ndi anthu pafupifupi 131 000. Ndalama zomwe zimadutsa m'manja mwawo pa nyengo imodzi ya manachesi n'zokwanira kuyendetsa bungwe lawolawo lolimba, ngati zingasungidwe pamalo pomwe zimawerengedwa moona ndi kubwereketsedwa mosakondera. Mphasa idzayalidwabe, nkhuku idzaphedwabe, chifukwa umenewo ndi ulemu wa eni dera ndipo suyenera kutha. Chofunika kuwonjezera n'chakuti mbale zikachotsedwa, mabuku enieni aikidwe pa tebulo, mlendo anene zomwe waona mosapsatira, ndipo eni ake amuuze mosaopa pomwe walakwitsa.